Mipeni ya Loweruka

Ine ndinali nayo khumi ndi inayi,
a Yotamu Chulu khumi ndi itatu,
ndipo umodzi wosiyanawo
unatidyera zaka zisanu ndi ziwiri za mkangano.

Loweruka lililonse, phiri la Kanjala likangovula nkhungu,
ndinkamva belu la njinga yawo kuchokera ku Mchini,
chitini cha mabisiketi chili pakaliyala, chomanga ndi mphira.
Tinkayala thumba la feteleza pakhonde
n'kuifoletsa mipeni yathu yopinda
ngati ana asukulu poonetsa zikhadabo.

Uwu wa chigwiriro cha nyanga
ndinagula kwa dalaivala wa lole pa Mwami,
mvula ikugwa, iye atasowa ya chakudya.
Wofiirawu uli ndi kasizasi, kasowo, ndi chotsegulira botolo,
koma a Chulu ankauseka:
mpeni wodziwa ntchito zonse ulibe ntchito.
Wamphetewu unachokera ku Joni
m'thumba la malume,
pamodzi ndi chifuwa chimene chinawatenga.

Iwo ankayesa kuthwa pa ubweya wa pamkono,
mpaka mkono wawo wamanzere
unali see ngati wa khanda.
Ine ndimayesa ndi khutu.
Mpeni wabwino potseka umati kha!
kamodzi kokha, ngati munthu wokana ngongole.
Woipa umazengereza,
n'kumagwedera pamsomali ngati dzino lofuna kuzuka.

"Wanuwo ndi lata," iwo.
"Wanuwo ndi supuni," ine.
Zelipa podutsa ndi lichero la mtedza:
"Amuna awiri, mipeni yodzaza thumba,
koma tsiku lopha nkhuku
mumabwereka wanga wa kukhitchini."

Sankanama.
Tinkangoipukuta ndi mafuta a makina osokera,
kuthamangitsa dzimbiri ndi phulusa,
kupinda, kutambasula, kupinda.
Inkalawa kanthu pa nyengo ya mango basi,
aliyense kusenda lake mozungulira
kuti tione khungu la yani litalike osaduka.
Lawo linkaduka. Ankati vuto ndi mtengo wanga.

Mu Juni, kuzizira kutalowa m'mafupa,
belu silinalire.
Loweruka linalo silinalirenso.
Tinawaperekeza kwawo ku Chadiza pa kanta yobwereka,
fumbi lili mbuu,
ine dzanja m'thumba, ndikufinya wanyanga uja
mpaka unandidinda chizindikiro pachikhatho.

Itatha milungu itatu, mwana wawo Tiyezye
anagogoda, chitini chili m'khwapa.
"Atate anati izi n'za a Mshanga.
Anati akawerenge bwino."

Ndinawerenga.
Uliwonse m'kansalu kake,
zidutswa za malaya amene ndinkawadziwa.
Khumi ndi itatu.
Pansi penipeni, pansi pa nyuzipepala,
wina watsopano, usanalawe mwala,
kapepala ka mtengo ka ku Down Shops kakadali pomwepo,
tsiku lake Lachisanu lomwe anagonekedwa m'chipatala.

Ndinautambasula. Ndinaupinda.
Kha!

Ndiye tinafanana, a Chulu.
Munali mutakonza kale mawu oti mudzanene,
ndikudziwa, mwina munkawayeserera panjinga
potsetsereka pa Kapata,
mukuseka nokha, anthu n'kumakuyang'anani.

Lero ndi Loweruka.
Ndayala thumba, mizere iwiri,
yanu kumadzulo kumene munkakhala, yanga kuno.
Ndayesa umodzi wanu pamkono wanga,
ubweya wagwa wopanda phokoso.
Munkanena zoona za uwu. Za uwu wokha.

Khonde lili zii.
Kenaka Zelipa watula lichero,
wakhala pa mpando wanu wachitsulo,
wapukuta manja pachitenje,
watola wanyanga, wanga wokondedwa,
wautembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika,
osandiyang'ana n'komwe.

"Uwu," akutero, "ndi lata."